Ndalama za Mtukula Pakhomo zikapitirira, abweze ndani?

Mtukula Pakhomo adayamba mu 2006 ku Mchinji pofuna kuthandiza mabanja osaukitsitsa opanda wogwira ntchito, makamaka a okalamba ndi aulumali. Tsono agogo osaona a ku Nathenje akalandira zopitirira chifukwa mlembi adalakwitsa, boma lisawalande ndalama zonse za miyezi yotsatira. Agogowo adagulira kale chimanga ndi mankhwala, osadziwa kanthu. Liyambe lawamva kaye, kenako lizidula pang'onopang'ono, ndipo mlembiyo afunsidwe naye.

Koma kwa mdzukulu amene akulandirabe m'dzina la malemu, ndalamayo ndi haramu, si cholowa ayi. Abweze yonse, olo pogulitsa mbuzi, chifukwa malo a malemuwo akuwadikira banja lina lomwe silidalembedwe.