Wojambula Amene Sanali Kufulumira

Pa 23 May 2025 mu mzinda wa Paris munamwalira a Sebastião Salgado, wojambula zithunzi wa ku Brazil. Mwezi uno ndafuna kuti tikambirane za iwo, popeza nchito yao inautsa funso limene likundivutabe: kodi nkoyenera kujambula munthu ali m'mavuto, cithunzi cake nkutuluka cokongola?

A Salgado anabadwa mu 1944 ku Aimorés, kumene atate ao anali kuweta ng'ombe. Anaphunzira za cuma, napeza nchito yabwino ku London m'bungwe loona za malonda a khofi pa dziko lonse. Nchitoyo inali kuwafikitsa ku Africa kawirikawiri, ndipo m'maulendomo anali kunyamula kamera. Mu 1973 anasiya malipiro aja nayamba kudyera kujambula.

Atolankhani ambiri amafika pamalo a tsoka m'mawa, madzulo abwerera. Iwowa ai. Anali kukhala pakati pa anthu masabata ngakhale miyezi, kufikira eni ake ataleka kuceukira kamera. Mu 1984 ndi 1985 anali ku Sahel pa nthawi ya njala, pamodzi ndi madokotala a Médecins Sans Frontières. Mu 1986 anatsikira mu mgodi wa golide wa Serra Pelada kwao ku Brazil, m'mene amuna pafupifupi 50,000 anali kukwera makwerero a mitengo atasenza matumba a dothi, thupi lonse lili matope. Zithunzi zao zochuka zilibe mitundu, nzakuda ndi zoyera cabe. Anajambulanso anthu a ku Mozambique akubwerera kwao nkhondo itatha. Akulu-akulu a ku Petauke amene anaona othawa nkhondo ku Ukwimi akudziwa nkhope zotere.

Owadzudzula anati zithunzizo zinakongola mopitirira, kotero kuti woziona amayamikira kuwala kwake naiwala njala ya mwanayo. Mau amenewa sindiwataya, muli coonadi. Komabe ndifunse: mai wosauka ajambulidwe moipa kuti ife tikhulupirire kuti akuvutika? Tikamapita kukajambulitsa timasamba ndi kuvala zabwino. Wothawa nkhondo alibe madzi kapena covala. Comutsalira ndi diso la wojambula lomuona monga munthu, ndipo diso lotere silipezeka pa tsiku limodzi.

Kukhalitsako kunali ndi mtengo wake. Zimene anaona ku Rwanda mu 1994 zinawadwalitsa, mpaka anafuna kuleka kujambula. Atabwerera ku famu ya atate ao, anapeza nthaka itaguga, nkhalango itatha. Akazi ao, a Lélia, ndiwo anati abzale mitengo. Mu 1998 anayambitsa bungwe la Instituto Terra, ndipo pamalopo pabzalidwa mitengo yoposa 2 miliyoni. Akasupe ndi mbalame zitabwerera, a Salgado ananyamulanso kamera, nayenda zaka zisanu ndi zitatu kujambula malo amene munthu sanawaononge. Buku la zithunzizo linatuluka mu 2013, ndipo analicha Genesis.