Musaponye Miyala Ana a Amphaka Opanda Mwini

Alimi anzathu a m'mbali mwa Kafue kufupi ndi Kitwe, ndi inu a ku Kafubu ca ku Ndola, tamverani. Pokagulitsa ndiwo zanu pa msika wa Chisokone kapena wa Masala mumaona amphaka opanda mwini alikubisala m'ngalande ndi kuseri kwa matumba. Ambiri muwaponya miyala, ena muti ndi a mfiti. Ife tikuti mulikuthamangitsa mlonda wa nkhokwe wosafuna malipiro.

Makoswe sangodya cimanga cokha ai: aboola matumba, naipitsa cotsalaco ndi ndowe zao. Mankhwala awapha ndithu, koma aphanso nkhuku ndi agalu, ndipo mwana wokwawa atola ciliconse naika m'kamwa. Aigupto akale anasungitsa tirigu wao kwa amphaka, ndipo nzeruyo sinakalambe.

Mphaka wamkulu wokulira kuchire musataye naye nthawi, pakuti azolowera mwa apo ndi apo. Funani kamwana. Akatswiri anapeza kuti mphaka aphunzira kukhulupirira munthu makamaka pakati pa masabata 2 ndi 7 cibadwire. Koma musakacotse kwa mace kasanayambe kudya kokha, ndiko kuti pa masabata 4 kapena 5.

Kagwireni ndi thumba kapena nsanza yokhuthala, osati ndi manja okha. Kaikeni m'kacipinda kotseka, muli bokosi lobisalamo, madzi, ndi mbale ya mcenga yodzithandiziramo. Masiku oyamba kadzaimika ubweya ndi kukuopsezani ngati njoka. Si nkhanza zimenezo, ndi mantha cabe. Apa ndi pamene ambiri alephera, cifukwa afuna kukanyamula tsiku lomwelo, ndipo kakawakanda akataya kunja.

Cimene cigwira mtima wa mphaka ndi cakudya. Bweretsani inu nokha, nthawi imodzimodzi m'mawa ndi madzulo: kapenta wobviika m'madzi kuti mcere ucoke, wophika ndi wosinja. Mkaka wa ng'ombe ai, utsegula m'mimba. Mukaika mbale, khalani pansi capatali, osakayang'anitsa m'maso, ndi kulankhula motsitsa mau. Mawa sendezani mbaleyo kufupi pang'ono, mkuca cimodzimodzi, kufikira kadye pa mapazi anu. Pamenepo kapatseni cakudya pa cala kuti kanyambite, ndipo pambuyo pace kasisiteni pamsana kalikudya. Kena kazolowera pa masiku atatu, kena pa mwezi wathunthu. Ana a pakhomo auzeni asakathamangitse. Phokoso la madzulo amodzi likhoza kubweza nchito ya sabata yonse.

Cenjerani ndi ciwewe, pakuti sicigwira agalu okha. Mphaka wotuluka dobvu, woyenda dzandidzandi kapena woluma popanda cifukwa musamkhudze. Kauzeni a za ziweto. Mukalumidwa kapena kukandidwa, tsukani balalo ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15, ndipo pitani ku cipatala tsiku lomwelo. Kamphaka kanu kakakwana miyezi 3, kabayitseni katemera.

Pali ena amene amana mphaka cakudya kuti njala imtume kwa makoswe. Alakwa. Mphaka wokhuta asakabe, pakuti kusaka ndi cibadwa cace. Wanjala ndiye agwira anapiye, kapena asamukira kwa mnansi wanu. Kakayamba kukutsatani pabwalo, sunthani bokosi lace ndi mbale yace, muziike pansi pa nkhokwe.