Pikapu ikawira pa mdadada, chigubu sichichiza

Inu amalonda amene mumapikula mtedza, soya ndi nyemba kumidzi ya kuzambwe kwa Lilongwe, nkhaniyi mukuidziwa bwino. Kaya pikapu yachokera ku Namitete kudzera pa Mpingu, kaya yatuluka m'fumbi la ku Nsaru, Kabudula kapena Nambuma, imathamanga bwinobwino njira yonse. Koma ingofika pa Crossroads, kapena pa mdadada wa magalimoto wopita kumlatho wa Lilongwe, muvi wa pa geji nkuyamba kukwera, kenaka nthunzi kuti fwaa! pa boneti. Adalaivala amatsika ndi chigubu cha madzi, inu muli pamwamba pa matumba, ogula anu kumsika akupita kwa ena.

Chiyambire pamene mabasi a Stagecoach anachoka m'dziko muno mu 1997, pikapu yakhala bulu wa anthu akumudzi. Ma Sienta ndi njinga zamoto alanda okwera ambiri, koma matumba khumi ndi asanu a mtedza sakwera njinga. Ndiye zikundiwawa kuona Hilux kapena Isuzu yabwinobwino ikuphedwa ndi eni ake chifukwa cha ulesi wofufuza matenda.

Galimoto yoyenda bwino pa msewu nkumawira ikaima yakuuzani kale pamene pakupweteka. Ikamathamanga, mphepo imalowa yokha mu radiyeta, yaulere. Ikaima, mphepo yonse iyenera kuchokera kwa fani. Tsono yambirani pamenepo. Lamba wa fani akakhala wokhwepa kapena wong'aluka, fani ndi pampu ya madzi zimazungulira mwaulesi. Pikapu zambiri za dizilo zili ndi fani wa kalachi ya mafuta a silikoni. Mafutawo akatha, fani amazungulira ndithu, maso nkumakunamizani, koma sakoka mphepo. Kumuyesa nkosavuta: injini ikatentha, izimitseni, mukankhe faniyo ndi dzanja. Akangoti pyee ngati chidole cha mwana, watha ntchito. Ngati ndi fani wamagetsi, onani fyuzi ndi rilee. Nanga chipulasitiki chija chozungulira fani, chimene amakaniko ena amachitaya poti chimawapinga manja? Popanda icho fani amangopalasa mphepo ya m'mbali.

Kenaka radiyeta. Misewu yafumbi ya kwathu kuno imaiphimba ndi fumbi, mankhusu ndi matope a dzinja mpaka timabowo tonse kutsekeka. M'kati namo ndi momwemo. Madzi a pa mjigo ndi a m'dambo amasiya mchere ndi dzimbiri m'timapaipi, ndipo ena akaona kuti ikudontha amathiramo dzira kapena ufa wa mgaiwa. Abale, radiyeta yasanduka m'phika wa phala? Kudonthako kumaleka, inde, koma timapaipi tina tatsekeka limodzi. Kulanti amene ambiri amati ngwa mabwana ntchito yake ndi kuletsa dzimbiri limeneli.

Ophunzira inu mukudziwa kuti madzi amawira pa madigiri 100 m'mbali mwa nyanja yamchere. Lilongwe ali pamtunda wopitirira mamita 1,000, choncho kuno amawira pa madigiri 96 kapena 97. Chimene chimapulumutsa injini ndi kachivindikiro ka radiyeta, kamene kamapanikiza madziwo kuti asawire mpaka cha m'ma 120. Labala wake akatha, kapena mukatseka ndi nsanza ndi pulasitiki monga ndaonera kangapo pa depoti, injini yopanda vuto lililonse idzawira basi. Kachivindikiro nkotchipa kuposa thumba limodzi la mtedza.

Koma chimene ndikulimbana nacho kwenikweni ndi mwambo wochotsa thermostat. Makaniko wa pansi pa mtengo akangomva kuti galimoto ikutentha, amamasula mabawuti awiri, kuitaya uko, nkunena kuti zimenezi nza kwa azungu kozizira. Bodza limenelo. Thermostat imatseguka pa madigiri pafupifupi 82 kuti injini igwire ntchito pa kutentha koyenera. Ikachoka, m'mamawa wa June injini imayenda yozizira, imamwa dizilo wambiri, imaperepeseka msanga. Choipitsitsa, pa injini zina madzi amayamba kudulira njira yachidule osadutsa mu radiyeta, ndiye pa mdadada kutentha kumaposa kale. Ngati mukuikayikira, iikeni m'poto wa madzi pa mbaula: madzi asanawire iyenera kukhala itayasama. Ikakana, gulani ina.

Tsiku limene muvi wakwera muli pakati pa mzere, tsegulani hita mpaka kumapeto, ngakhale thukuta likhale kamukamu; imachotsako kutentha kwina. Patukani, zimitsani injini, dikirani theka la ola. Musalole kondakitala kutsegula chivindikiro pompopompo, pokhapokha ngati mukufuna ulendo uthere ku Kamuzu Central ndi nkhope yosupuka. Ndipo madzi ozizira pa injini yofiira ndiwo amang'alula hedi. Mukaona thovu likutuluka mu radiyeta injini ikulira, utsi woyera kumbuyo, kapena oyilo wooneka ngati tiyi wamkaka, gasiketi yapsa kale. Pamenepo chigubu chilibenso mawu, hedi ipite ku makina.

Ena anena kuti mwini galimoto alibe ndalama, dizilo wadula, masipeya adula. Nzoona. Koma lamba, kachivindikiro ndi kutsukitsa radiyeta, zonse pamodzi sizifika pa mtengo wa hedi imodzi, osawerengera masabata amene galimoto ikhale pa mafindo nyengo ya malonda ikudutsa.

Inunso amalonda muli ndi mawu pa nkhaniyi, poti ndalama ya hayala ndi yanu. Musanakweze thumba loyamba pa Nsaru, suzumirani kuseri kwa mpando wa adalaivala. Mukapezako zigubu zitatu za madzi, funsani kuti nzandani.