Ophunzira a pa yunivesiti akayesere nchito ku maboma

Pamene dziko lino linalandira ufulu mu 1964, ana a Zambia amene anali ndi digiri anali pafupifupi 100 cabe. N'cifukwa cake boma linafulumira kutsegula University of Zambia mu 1966, kuti maofesi ayendetsedwe ndi eni dziko. Lero masukulu otere acuruka. Ena mwa ana athu, atatenga digiri yoyamba, amapitiriza maphunziro a kayendetsedwe ka boma ndi citukuko, ndipo asanamalize amafuna malo oyesererapo nchito kwa miyezi ingapo, cimene pa Cingerezi amati internship. Funso lathu sabata ino ndi ili: kodi wophunzira wotere akayesere nchito kuti?

Ambiri amathamangira ku Lusaka, ku maofesi a maunduna. Sitiwadzudzula, pakuti kumeneko ndiko kuli abale owasunga, ndiponso ndiko munthu amaonekera kwa olemba nchito. Koma kawiri-kawiri munthu wa maphunziro apamwamba amatha miyezi itatu akunyamula mafaelo ndi kulemba maina a obwera ku msonkhano, nabwerera ku sukulu asanaone mudzi ngakhale umodzi wa midzi imene mapepala aja anali kunena.

Pomwe ku maboma nchito ikusowa manja. Mu 2022 boma linakweza ndalama za citukuko za CDF kucokera pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa dera la phungu aliyense, ndipo mu 2025 zinafika pa K36.1 miliyoni. Njira yake iyambira kwa inu eni midzi: mumapereka zofuna zanu ku komiti ya citukuko ya m'wodi mwanu, imene inakhazikitsidwa ndi lamulo la makhonsolo la 2019. Koma kunena kuti tifuna mlatho ndi cinthu cimodzi, kulemba pempho lomveka ndi cinanso. Pafunika wina awerengere matumba a simenti, alembe ciwerengero ca anthu amene adzaoloka pamenepo, ndi kuona ngati womanga wacitadi zimene analonjeza asanalipidwe. M'caka coyamba cija ndalama zambiri zinacedwa kugwira nchito, ndipo cimodzi mwa zifukwa cinali cakuti makhonsolo analibe anthu okwanira odziwa zimenezi.

Tsono ife tikuti, wophunzira atumizidwe ku Vubwi, ku Lumezi, ku Chasefu ndi ku maboma ena atsopano kumene maofesi akali ndi anthu ocepa. Akulu anati mlendo ndiye abwera ndi kalumo kakuthwa. Iye adzathandiza komiti kulemba pempho losabwezedwa, koma zimene adzatolako iye mwini n'zoposa pamenepo. Adzadziwa kuti simenti ndi malata ziyenera kufika mvula isanayambe mu Novembala, cifukwa mitsinje ikadzaza lole sipita. Adzaona kuti msonkhano woitanidwa m'mawa pa nyengo yopalira umapeza mipando yokha. Adzamvetsanso kuti sukulu simangidwa pa malo amene a nyakwawa ndi a mfumu sanavomereze, ngakhale mapepala onse atasainidwa. Munthu ameneyu ndiye mawa adzakhala mlembi wa khonsolo kapena mlembi wamkulu wa unduna. Ndi bwino kuti pamene adzalemba malamulo akhale atayendapo m'matope amene malamulowo adzagweramo.

Tisabise kuti pali zofunika kukonza. Mwana wa mlimi sangakhale miyezi itatu ku boma lacilendo popanda pogona ndi kandalama ka cakudya. Ngati palibe colipira, mwai umenewu udzakhala wa ana a olemera okha. Asakhalenso njira yopewera kulemba anchito okhazikika. Ndipo popeza akali kuphunzira, asapatsidwe mphamvu yosainira ndalama, koma akhale pansi pa mkulu mmodzi wodziwika, womuonetsa nchito ndi kuyankha pa zolakwa zake.

Kwa inu makolo, wophunzira akafika m'wodi mwanu musamuope cifukwa ca Cingerezi cake. Mufunseni akuwerengereni mtengo wa cipatala cimene cikumangidwa, dzina la womanga ndi tsiku limene analonjeza kutsiriza, pakuti ndalamazo n'zanu. Akayamba kulamula m'malo momvetsera, muongoleni monga mucitira ndi mwana wanu.

Tipempha cinthu cimodzi kwa aphunzitsi a pa yunivesiti ndi kwa alembi a makhonsolo. Lipoti limene wophunzira amalemba pomaliza lisapite ku Lusaka kokha. Asanakwere basi, aimirire pa msonkhano wa wodi, pamaso pa a khansala ndi a nyakwawa, afotokoze m'cinenero ca eni dera zimene wapeza, ndipo asiye kope limodzi m'manja mwa mlembi wa komiti.