Kuliritsa Injini Yozizira Kumaidya Pang'onopang'ono

M'mawa wa mwezi wa June, pa depoti ya minibasi ku Limbe kapena ku Lilongwe, madalaivala ena amangoti kuliza Toyota Hiace n'kuponda moto nthawi yomweyo, injini n'kukuwa, kuti okwera aganize kuti galimoto yatsala pang'ono kunyamuka. Chizolowezi chimenechi n'chimene chimadyetsa amakaniko. Galimoto ikagona usiku wonse, oyilo amatsikira pansi pa injini n'kulimba chifukwa cha kuzizira, ndipo amachedwa kufika m'mabeyaring'i ndi kumtunda kwa injini. Zitsulo nazo zimakhala zisanafutukuke mokwanira, choncho mapisitoni akathamangitsidwa pa nthawiyi amapala makoma a masilinda. Injini siifa tsiku lomwelo, n'chifukwa chake ambiri samva. Pakapita miyezi utsi wabuluu umayamba kutuluka kumbuyo, oyilo n'kumatha msanga. Injini ikatentha bwino, cha m'ma digiri 90, kuikankha mwa apo ndi apo sikuipweteka kwenikweni, bola muvi woonetsa kuthamanga kwa injini usalowe pamzere wofiira, ndipo galimoto zambiri zamakono zimadula zokha mafuta zikafika pamenepo. Chitetezochi sichithandiza dalaivala akalowetsa giya yotsika ali pa liwiro lalikulu, pakuti apo matayala ndiwo amakakamiza injini, mavavu n'kupindika. Choipanso n'kuponda moto kenaka n'kuzimitsa pompo galimoto ya turbo: turboyo imapitiriza kuzungulira oyilo atasiya kufika. Eni minibasi awauze madalaivala awo kuti ayambe ulendo modekha mpaka injini itenthe.