Mtsinje wa Domasi ulowe m'kalasi

Ndemanga yathu lero ikuchokera m'chigwa cha Domasi, m'boma la Zomba.

Zomwe mwana wa ku Nsanje kapena ku Chitipa amaphunzira m'kalasi zimaphikidwa m'chigwa chimenechi. Kuno n'komwe kuli Malawi Institute of Education, bungwe lokonza masilabasi ndi mabuku a sukulu zathu, ndipo kulinso Domasi College of Education, kosulira aphunzitsi a sekondale. M'chigwa chomwechi mumadutsa mtsinje wa Domasi, wotsika m'mapiri a Zomba ndi Malosa n'kukathira m'nyanja ya Chilwa. Ine ndikuti phunziro la kusintha kwa nyengo liziyambira pa mtsinje wotere, umene mwana amauwoloka popita kusukulu, ndipo lizinena gwero lonse la vutoli, osati theka lokha.

Theka lomwe ana athu amalidziwa ndi la mitengo. Mukafunsa mwana wa Sitandade 7 chomwe chasokoneza mvula, ayankha msangamsanga kuti ndi kudula mitengo mwachisawawa. Mbali ina sakulakwa. Phiri likayera, nthaka imakokoloka, mtsinje umadzaza mchenga, madzi amathamanga tsiku limodzi n'kudzasowa mu Okutobala, alimi a mpunga kumunsi n'kuyamba kulimbirana ngalande. Koma wowotcha makala wa m'mphepete mwa phiri la Malosa si amene adatenthetsa nyanja yamchere momwe mudabadwira namondwe Freddy, uja adazungulira kwa masabata pafupifupi asanu asanadzatikhuthulire mvula mu Malichi 2023, anthu oposa 1,000 n'kufa kapena kusowa. Chotenthetsa dziko ndi mpweya wa kaboni wochokera ku malasha, mafuta ndi gasi, zomwe makamaka maiko olemera akhala akuwotcha kwa zaka pafupifupi 200. Mpweyawu umafunditsa dziko ngati bulangete, ndipo mphepo yofunda imasenza chinyezi chochuluka, chimene ikamatula imatula nthawi imodzi. Mwana wosauzidwa zimenezi amakula akuloza chala bambo ake omwe, n'kumayesa kuti mbande zomwe adadzala kusukulu zidzabweza namondwe. Mitengo idzagwira nthaka ndi kuchepetsa ukali wa madzi, ndipo tiidzale ndithu, koma namondweyo adzabwerabe, ndipo mwanayo ayenera kumukonzekera.

Akuluakulu ena atsutsa kuti zonsezi si zachilendo. Napolo adadutsa mu Zomba mu 1946, Chilwa idaphwa mu 1968 ndi mu 1995, ndipo matemba adabweranso. Zoona zimenezo, ndipo mphunzitsi wozibisa ndi wosakhulupirika. Chilwa ndi nyanja yosazama, yopanda mtsinje wotulukamo, kotero mvula ikachepa zaka ziwiri zitatu, dzuwa limamwa yotsalayo. Komatu idaphweranso kwambiri mu 2012, n'kubwereza mu 2018. Funso loyenera mwana wasukulu si lakuti kodi zidachitikapo, koma lakuti zikuchitika kangati, mwamphamvu bwanji. Funso lotere siliyankhidwa ndi mkangano wa pabwalo, limayankhidwa poyeza. Botolo lapulasitiki lodula pakamwa, rula ndi kope zikwanira kuti sukulu iliyonse izilemba mvula ya tsiku ndi tsiku. Ana akafunse agogo awo kuti chizimalupsa chinkagwa mwezi uti, mvula yodzalira inkayamba liti, n'kuyerekeza ndi zomwe zili m'kope. Pakatha zaka khumi, sukuluyo idzakhala ndi umboni wa mudzi wake womwe, umene mlimi aliyense angaumve, kaya m'Chichewa kaya m'Chiyao.

Dandaulo la aphunzitsi ndilo lolemera, ndipo sindikulipeputsa. Chiyambire maphunziro aulere mu 1994, makalasi ambiri ndi odzaza, mabuku ndi operewera, ndipo ana ena amafika makalasi apamwamba akudodomabe powerenga. Tiwasenzetsenso katundu wina? Ayi, sindikupempha phunziro latsopano. Nkhani ya nyengo ili kale m'maphunziro a ulimi, sayansi ndi jogalafe. Chosowa n'kuichotsa pa bolodi n'kuitsitsa pansi. Kuwonkhetsa mamilimita a mvula ya Januwale ndi masamu. Kulemba zomwe agogo anena ndi chimangirizo. Palibe ola lomwe latayika pamenepo.

Enanso akuti tiwaopseza ana. Koma ana a m'chigawo chakummwera adaona sukulu zawo zikutsekedwa nthawi ya Freddy, makalasi n'kusanduka misasa ya anthu othawa madzi. Chaka chotsatira, ng'amba ya El Niño idawotcha chimanga mpaka Pulezidenti wa nthawiyo, Lazarus Chakwera, adalengeza mu Malichi 2024 kuti maboma 23 mwa 28 ali pangozi. Mantha ali nawo kale anawa; chomwe alibe ndi tanthauzo la zomwe adaona ndi chochita zikabweranso. Mwana wa m'tsinde mwa phiri adziwe kuti mvula ikagwa masiku angapo osakata, mtsinje n'kuda matope mwadzidzidzi, phiri n'kumamveka kugunda, si nthawi yotolera katundu. Adziwe kumasulira chenjezo la nthambi yoona zanyengo likamveka pa wailesi, akafotokozere amayi ake.

Mfungulo ya zonsezi ili pa mtunda waufupi kuchoka ku Domasi, mumzinda wa Zomba, ku likulu la bungwe loyendetsa mayeso la MANEB. Mphunzitsi amalimbikira zomwe zimabwera pa mayeso, ndipo palibe angamudzudzule. Mayeso akamangofuna kuti mwana atchule zifukwa zitatu zosinthitsa nyengo, ana aziloweza zitatuzo n'kuziiwala akatuluka m'chipinda. Olemba mayeso a Sitandade 8 ndi a MSCE amupatse mwana mndandanda wa mvula ya zaka zingapo, amufunse kuti akuonapo chiyani, ndi kuti mlimi wa mpunga wa kumunsi kwa mtsinje wa Domasi afese liti mbewu yake.