Mapu a m'ndege: Jeppesen, Lido kapena Navblue?

Inu amayi ndi abambo apamsika amene mumakwera ndege kukaoda katundu ku Joni kapena ku Dubai, munayamba mwadzifunsapo kuti mkulu wakhala kutsogoloyo njira amaidziwa bwanji? Kumwambatu kulibe chikwangwani, kulibenso wogulitsa nthochi woti mungamufunse. Kuli mapu basi. Ndipo mapuwo ndi malonda, ngati tomato wanuyo.

Nkhani yake ili motere. Boma lililonse limatulutsa buku lofotokoza mabwalo ake a ndege, njira zolowera ndi zotulukira, ndi kutalika kwa mapiri ozungulira. Koma mabukuwa ndi ambirimbiri, lililonse kalembedwe kakekake. Ndiye pali makampani amene amasonkhanitsa zonsezi, n'kuzikonza mofanana, n'kugulitsa kwa eni ndege. Gwero ndi limodzi, chosiyana ndi kapakidwe. Zosintha zimayamba kugwira ntchito masiku 28 aliwonse, tsiku limodzi dziko lonse lapansi.

Mkulu pa onse ndi Jeppesen wa ku America. Elrey Jeppesen anali woyendetsa ndege zonyamula makalata, ndipo ataona anzake akuthera m'mapiri kukachita chifunga, anagula kabuku ka masenti 10 n'kumalembamo chilichonse: phiri ili ndi lalitali chonchi, bwalo ili ulowere mbali iyi. Anzake anayamba kupempha, iye n'kumawagulitsa kope imodzi madola 10. Mu 1934 inali kampani. Boeing inaigula mu 2000 pa madola 1.5 biliyoni, ndipo mu 2025 inaigulitsa, pamodzi ndi mabizinesi ena a zamakompyuta, pa madola 10.55 biliyoni. Kabuku ka masenti 10 amangwetu! Inu a kaunjika, phindu lotere munaliwonapo?

Wachiwiri ndi Lido, wa kampani ya Lufthansa Systems ku Germany. Uyu maso ake ali pa makampani a ndege zikuluzikulu, pamene Jeppesen amagulitsa kwa aliyense, ngakhale mwini kandege ka anthu anayi. Wachitatu ndi Navblue, mwana wa Airbus, amene anabadwa mu 2016.

Woyendetsa ndege sasankha yekha ayi, imasankha ndi kampani imene yamulemba ntchito. Akasintha ntchito, amayenera kuzolowetsanso maso: nambala imene ankaipeza pamwamba pa pepala tsopano ili pambali, zizindikiro nazo zajambulidwa mwina. Zikuoneka zazing'ono, koma taganizani kuti mwapatsidwa sikelo yachilendo pa tsiku la msika, makasitomala ali mbwee. Ndiye mnzathuyu akuwerenga usiku, ndege ikutsika.

Mukandifunsa kuti wabwino ndani, ine ndinena kuti dzina si nkhani. Chachikulu n'choti zimene zili pa mapu zifanane ndi zimene zili m'kompyuta ya ndegeyo. Mvetserani izi.

Pa 20 December 1995, ndege ya American Airlines, Boeing 757, inachoka ku Miami kupita ku Cali m'dziko la Colombia. Unali usiku, ndege yachedwa, ndipo oyendetsa anavomera njira yachidule yoterera. Pa mapu awo, kachipangizo ka wailesi kolozera njira kotchedwa Rozo kanalembedwa ndi chilembo R. Iwo analemba R m'kompyuta. Koma m'kompyutamo R ankaimira kena, kotchedwa Romeo, kufupi ndi Bogotá. Kuti apeze Rozo anayenera kulemba dzina lonse. Ndege inamvera, inakhotera kumanzere, n'kutuluka m'chigwa chimene inkatsata. Pamene ankayesa kubwerera pa njira, anali atalowa kale m'mapiri. Anthu 159 anafa, anayi okha ndi amene anapulumuka.

Oyendetsawo anali ndi zolakwa zawo, tisabise. Sanatsimikize kumene kompyuta ikuwatengera, ndipo anapitiriza kutsika asakudziwa bwino pamene ali. Koma nkhani itafika kukhoti ku Miami mu 2000, wogulitsa mapu sanatuluke woyera. Mlandu anaugawa ngati nyama ya chipere ganyu: magawo 75 pa 100 kwa American Airlines, 17 kwa Jeppesen amene anapereka zam'kompyutazo, ndi 8 kwa Honeywell amene anapanga kompyutayo.